Mlembi wa Nkhani za Mtsogolo Alibe Msika ku Phalombe

Pa anthu onse ogwira ntchito ya mabuku m'Malawi muno, amene anadzisenzetsa katundu wodabwitsa ndi Shadreck Chikoti. Mu 2013 anayambitsa Story Club ku Lilongwe, napambananso mphoto ya Peer Gynt ndi buku lake la Azotus the Kingdom, lomwe linatuluka mu 2015 ndipo limakamba za Africa wa zaka 500 zikubwerazo. Kenako anasonkhanitsa alembi achinyamata kuti aphunzire kulemba nkhani zopeka za sayansi, ndipo kampani yake ya Pan African Publishers inasindikiza buku la nkhani zazifupi 15 lotchedwa Imagine Africa 500, mkonzi wake Billy Kahora wa ku Kenya. M'bukumo muli Amalawi asanu: Muthi Nhlema, Tiseke Chilima, Hagai Magai, Aubrey Chinguwo ndi Tuntufye Simwimba. Taonani kuchuluka kwa ntchito zimene munthu mmodzi anagwira: kulemba, kuphunzitsa, kusaka thandizo la ndalama, kusindikiza, kutsatsa malonda. Tikhoza kumuombera m'manja, ndipo n'koyenera, koma munthu akamagwira yekha ntchito za anthu asanu ndiye kuti anayi enawo kulibe. Ndikuti anayiwo kulibe, chifukwa ntchito imeneyi kwathu kuno inayambira kumapeto, ndipo boma la Phalombe ndi poyesera pabwino ngati zimenezi n'zoona.

Kumene nkhani zoterezi zinakulira, buku linkabwera pomalizira. Mu Epulo 1926, Hugo Gernsback anayamba kutulutsa ku America magazini ya Amazing Stories pa mapepala otchipa, yogulitsidwa pamodzi ndi nyuzipepala. Gernsback ankadziwika ndi kulipira mochedwa ndiponso pang'ono, koma magazini ena anatsatira, ndipo pamene John W. Campbell anatenga ukonzi wa Astounding mu 1937, mlembi ankadziwa mtengo wake: pafupifupi senti imodzi pa liwu lililonse, nkhani ikangolandiridwa. Ndalama yochepa ndithu, koma yodziwika. Mnyamata ngati Isaac Asimov ankatha kuwerengera kuti nkhani ya mawu 6,000 imubweretsera madola 60, ndipo Campbell akaikana ankamuuza chimene chalakwika. Buku lotchuka la I, Robot, lomwe kampani yaing'ono ya Gnome Press inatulutsa mu 1950, ndi nkhani 9 zimene zinali zitatuluka kale m'magazini kuyambira mu 1940. The Martian Chronicles ya Ray Bradbury, ya chaka chomwecho, inasokedwanso kuchokera ku nkhani zakale za m'magazini. Magazini anali ngati nazale ya fodya: mbande zinkakhwimira mmenemo, zofooka n'kufera momwemo, ndipo wosindikiza buku ankangowokera zimene zalimba. Ngakhale apo zinthu sizinali zamyaa. Gnome Press inkalephera kulipira alembi ake, mpaka mabuku a Asimov anasamukira ku Doubleday. Koma mlembi anali atadya kale kamodzi, ndipo owerenga anali atamudziwa dzina.

Kwathu nazaleyo ndi yaing'ono. Masamba a nkhani zazifupi m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata alera alembi ambiri, ndipo mipikisano ya Malawi Writers Union yatulutsa maina, koma mpikisano umadyetsa atatu pa chaka, enawo n'kubwerera chimanjamanja. Osindikiza akale monga Popular Publications ya ku Limbe, Dzuka ndi CLAIM anatipatsa mabuku a Chichewa omwe anthu amawakumbukirabe, a Willie Zingani ndi a Jolly Max Ntaba mwa ena. Lero wosindikiza aliyense mukamufunsa amayankha mofanana: buku loyenda ndi la sukulu, lomwe lili pa silabasi. N'chifukwa chake Nthondo ya Samuel Josia Ntara, ya mu 1933, ikugulidwabe, pamene nkhani yolembedwa chaka chatha ikusowa woifunsa. Wosindikizayo sakunama. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wosindikizira unakwera nawo. Mlembi amauzidwa kuti abwere ndi ndalama zake. Akasindikiza makope ochepa, amachita mwambo wokhazikitsa buku mu hotela, abale ndi mabwenzi n'kugula pamtengo wachifundo, otsalawo n'kukagona m'makatoni kunsi kwa bedi. Amadandaula kuti Amalawi sawerenga. Wogulitsa amati mabuku a nthano amangodya malo pashelefu. Mkonzi, ngati alipo n'komwe, amati anagwira ntchito yaulere. Aliyense amaloza mnzake, ndipo aliyense ali ndi mbali yake yoona.

Tsopano pitani pa Migowi, pa Chiringa kapena pa boma penipeni. M'mashopu ogulitsa za sukulu mupeza makope, zolembera, Mabaibulo, mabuku a nyimbo ndi mapamfuleti okonzekera mayeso. Buku la nkhani za mtsogolo, lolembedwa m'Chingerezi, losindikizidwa makope ochepa ku Lilongwe, lilibe njira yofikira pamenepo. Chonsecho ndi boma liti lomwe lili ndi chifukwa chachikulu choganizira za mawa kuposa Phalombe? Mu Marichi 1991 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anabwereza zomwezo m'madera a Phalombe ndi Mulanje. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, n'kuphweranso koopsa mu 2018. Funso lakuti mudzi wa m'tsinde mwa phiri udzakhala wotani zaka 50 zikubwerazi, nyanjayo ikadzauma osabwereranso, ndilo funso lenileni la nkhani zopeka za sayansi, ndipo mlimi wa nandolo wa kwa Nkhulambe amalidziwa kuposa mlembi wa ku Area 47 ku Lilongwe.

Wina anena kuti izi n'zachizungu, ife tili ndi nthano zathu. Koma Steve Chimombo anaonetsa kalekale kuti ziwirizi sizilimbana: anatenga Napolo, yemwe anthu amati ndiye amagumula mapiri akamasamuka, n'kumusandutsa chida chofunsira mafunso a dziko lamakono, kuyambira mu Napolo Poems ya mu 1987 mpaka The Wrath of Napolo ya mu 2000. Iyenso, tisaiwale, anachita kutsegula kampani yakeyake ya WASI ku Zomba kuti mabuku ake atuluke. Wina anena kuti munthu wanjala sagula nkhani. Izi zili ndi mphamvu, koma owerenga magazini a ku America a m'ma 1930 anali pakati pa umphawi woopsa, ndipo ankagulabe chifukwa mtengo unali wa masenti. Ku Nigeria, timabuku totchipa ta pamsika wa Onitsha tinkagulidwa kwambiri m'ma 1950 ndi 1960, ndipo ku Kano timabuku ta m'Chihausa takhala tikuyenda malonda kuyambira m'ma 1980. Anthu amenewa sanali olemera. Kabukuko kanali m'chinenero chofikirika, pamtengo wofikirika, pamalo pamene amagulapo sopo.

Chotsutsa champhamvu koposa ndi cha foni. Nkhani masiku ano zimayenda pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo Ekari Mbvundula anadziwika kunja kudzera m'magazini ya pa intaneti ya Omenana. Zoona, foni yachotsa vuto la mapepala ndi la mayendedwe. Koma siinachotse vuto la malipiro, ndiponso siibweretsa mkonzi. Nkhani yongotumizirana imafika kutali popanda wobweza kwa mlembi kuti akonze ndime yachitatu, ndiponso popanda tambala yobwerera kwa iye. Luso limene likufa pano si la kulemba ayi, alembi alipo ambiri. Limene likufa ndi la mkonzi wolipidwa, wowerenga nkhani 100 n'kusankhapo 5.

Tsono a Malawi Writers Union ndi a Book Publishers Association of Malawi, ndalama ya mpikisano umodzi ikhoza kutulutsa kabuku ka nkhani zitatu za m'Chichewa mwezi uliwonse, kogulitsidwa pamtengo wa mayunitsi a foni, mlembi ndi mkonzi n'kulipidwa pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwe nkhani yalandiridwa. Kayeseni chaka chimodzi pamsika wa Migowi musanatiuzenso kuti anthu a ku Phalombe sawerenga.