Ng'ala ya malume anga ku Bindura

Malume anga anachoka ku Dedza ali mnyamata kukagwira ntchito ku mgodi wa Trojan, ndipo akalambira ku Chipadze, ku Bindura. Nditawayendera, ndinawapeza akhala m'nyumba masanasana, chipewa chitaphimba nkhope.

"Mphwanga, dzuwa likundilasa m'maso," anatero.

Poyamba ndinadabwa: munthu wosaona bwino athawiranji kuwala? Koma ng'ala ndi momwe imachitira. Kuseri kwa mwanadiso kuli kagalasi koyera mbee kamene kamasonkhanitsa kuwala. Ukalamba, matenda a shuga, fodya ndi dzuwa la zaka zambiri zimakachititsa chifunga. Kuwala kukafika pamenepo kumamwazika m'diso lonse, ngati mmene nyali za galimoto zimachitira pagalasi lafumbi. N'chifukwa chake usiku, pamsewu wopita ku Harare, nyali zimawathobwa m'maso, nkhope zimazimirira, zoyera zimaoneka zachikasu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ankadontheza mankhwala azitsamba m'maso, pamene palibe dontho limene limasungunula ng'ala. Madokotala, monga a chipatala cha maso cha Sekuru Kaguvi ku Harare, amachotsa kagalasiko n'kuika kapulasitiki, kawirikawiri pasanathe ola. Ndawauza kuti tipitire limodzi.