Makina osokera mipando ya galimoto: zoti telala adziwe asanagule

Mipando ya galimoto zoyenda mumsewu wa M5, womwe umadutsa ku Kande, Bandawe ndi Chintheche m'boma la Nkhata Bay, sichedwa kutha. Dzuwa la kunyanja limaumitsa chikopa mpaka kung'aluka, ndipo mchenga womwe okwera amalowa nawo umapala misoko tsiku ndi tsiku. Zambiri mwa galimotozi, monga ma Toyota Sienta ndi maminibasi a HiAce, zidachokera ku Japan zitayenda kale zaka zingapo. Kwa telala wa m'derali, pamenepa pali msika. Koma msika womwewo ungathe kumudyera mpamba akagula makina olakwika.

Makina opalasa ndi mwendo, monga a Singer ndi Butterfly omwe amaoneka m'makonde a sitolo, adapangidwira nsalu. Ngakhale makina a magetsi othamanga kwambiri, monga Juki DDL-8700, ntchito yake ndi zovala. Onsewa amakoka nsalu ndi mano a pansi okha, pamene phazi la pamwamba limangopanikiza. Chovala cha mpando chimakhala ndi chikopa, siponji ndi nsalu yamkati, ndipo pomwe misoko yakumana zimasanjikizana kanayi kapena kupitirira. Pa makina otere cha pansi chimatsogola, cha pamwamba n'kumatsalira chitakakamira kuphazi. Mapeto ake msoko umakhota, ulusi umadumpha, singano imathyoka.

Pansalu, telala akalakwitsa amasomola ulusi n'kuyambiranso. Pachikopa sizitheka, chifukwa bowo lililonse lomwe singano yaboola limakhala mpaka kalekale. Kulakwitsa kamodzi kumatanthauza kugula chikopa china ndi ndalama za m'thumba mwake.

N'chifukwa chake choyamba kuyang'ana ndi kakokedwe ka makina, dzina ndi mtengo zibwere pambuyo. Oyenera ntchitoyi ndi omwe amisiri amawatchula kuti walking foot. Ali ndi mapazi awiri osinthana ngati munthu akuyenda: lina likagwira, lina limanyamuka. Abwino koposa ndi omwe singano, phazi lamkati ndi mano a pansi zimakokera limodzi, kotero kuti zonse zosanjikizana zimayenda mofanana. Ena mwa odziwika ndi Juki DNU-1541, Juki LU-563, Consew 206RB ndi Pfaff 1245. Makina akale a Singer 111W155 ndi olimba ndithu, koma sasokera cham'mbuyo, choncho kumanga msoko kumafuna kutembenuza chovala chonse. Mawu akuti heavy duty olembedwa pakatoni asapusitse wogula, pakuti amalembedwanso pa makina a m'nyumba.

Chachiwiri ndi singano ndi ulusi. Makina ambiri a mtunduwu amalandira singano za 135x17, zomwe nsonga yake ndi yobulungira, ndi za 135x16, zomwe nsonga yake imacheka ngati kampeni. Yochekayo ndi ya chikopa chenicheni. Mipando yambiri m'galimoto za kuno imakutidwa ndi rexine, chikopa chopanga chomwe kunsi kwake kuli nsalu, ndipo chimenechi chimafuna singano yobulungira kuti nsaluyo isadulike. Ulusi woyenera ndi wa Tex 70 kapena Tex 90, pa singano za nambala 18 mpaka 22. Kunyanja, wa polyester umaposa wa nylon chifukwa umapirira dzuwa. Makinawo azithanso kutalikitsa msoko kufika mamilimita 5 kapena 6. Mabowo akathithikana, chikopa chimang'ambika motsata msoko ngati risiti yothothola m'buku.

Chachitatu ndi mota. Ya mtundu wa clutch imazungulira nthawi yonse ikangoyatsidwa, ndipo imadzidzimuka ikapondedwa, zomwe zimavuta pokhota ngodya za mpando. Ya servo imazungulira pokhapokha telala waponda, liwiro lake limachepetsedwa mosavuta, ndipo imadya magetsi ochepa. Kwa wogwira ntchito ndi magetsi a sola kapena jenereta yaing'ono pamene a ESCOM azima, kusiyanaku n'kwakukulu. Makina ochokera kunja, makamaka ku Japan kapena ku America, aonedwenso ngati mota yake ikugwirizana ndi mphamvu ya magetsi a kuno, yomwe ndi mavoti 230.

Atsopano ndi okwera mtengo, motero ambiri amathamangira ogwiritsidwapo kale ntchito. Palibe cholakwika, bola awayese asanalipire. Wogula anyamule zidutswa za chikopa, siponji ndi ulusi womwe adzagwiritse ntchito, azisanjikize kanayi, asoke pang'onopang'ono, akwere pamsoko wina, kenako abwerere m'mbuyo. Aone ngati ulusi sukudumpha ndiponso ngati msoko wa pansi ukufanana ndi wa pamwamba. Wogulitsa wokana kuyesaku ali ndi chomwe akubisa. Afunsenso komwe singano, mabobini ndi mapazi osokera chingwe cha m'mphepete zimapezeka. Ku Bandawe, kachitsulo kamodzi kakathyoka ndi ulendo wa ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ndipo makina osowa zipangizo amasanduka tebulo loikapo nsalu.

Pali ntchito ina yomwe ngakhale makina abwino sayenera kuigwira mwachisawawa. Mipando ina yakutsogolo ili ndi airbag m'mbali, ndipo kawirikawiri pamakhala kachizindikiro kolembedwa SRS. Msoko wa pamalopo udapangidwa kuti uphulike msanga pangozi. Ukasokedwa ndi ulusi wolimba, thumba la mpweyalo lingachedwe kapena kulephera kutuluka, moyo wa wokwera n'kukhala pachiswe. Telala wanzeru amasiya msoko umenewo momwe ulili, n'kufotokozera mwini galimoto chifukwa chake.

Yemwe ndalama zake sizinakwane makina a walking foot achita bwino kupitiriza kusoka zovala ndi makatani uku akusunga. Pamsika waung'ono ngati wa Chintheche madalaivala amadziwana, ndipo mbiri ya mpando umodzi wosomoka imafika pasiteji iliyonse dzuwa lisanalowe.