Ndiwo Zoocha Zokulunga m'Tsamba la Kabici

Inu eni mabanja a kwa Kapondo, tamverani. Nthenda ya shuga yafika ndi kumidzi komwe, ndipo wodwala nthendayi sayenera kukhuta nsima, mbatata kapena cinangwa, pakuti zonsezi zisanduka shuga m'mwazi. Koma musamgoneke ndi njala. Cakudya cace ciri m'dimba mwanu momwemo.

Thyolani mabiringano, matimati ndi therere, muzule anyezi, nimuzitsuke ndi madzi oyera. Lindani malawi azime, patsale makala okha, popeza lawi lipsereza kunja, m'kati musanapse. Yambani ndi mabiringano, pakuti acedwa kufewa; zinazo zitsate pambuyo. Zitapsa, sendani khungu lakuda, muzidule, muthire mcere pang'ono ndi nsinjiro za mtedza wokazinga, umene dziko la Mchinji libala wambiri. Mtedza wacuku tayani, uli ndi ululu woononga ciwindi.

Tsono tengani tsamba lalikuru la kabici, muliviike m'madzi owira kanthawi kuti lisang'ambike, mukulungemo ndiwozo monga amai akulungira cikwatu. Mafukusi awiri kapena atatu, pamodzi ndi dzira lophika, akwanira mgonero wa munthu wamkuru.

Koma ana, akazi oyamwitsa ndi iwo ogwira khasu musawamane nsima. Ndipo wodwala wakumwa mankhwala ayambe wafunsa kucipatala. Pakuti akacepetsa nsima modzidzimutsa, shuga itsika koposa muyeso, ndipo akhoza kukomoka.