Za Mawu a Chingerezi Akuti "Leave"

Abale athu amene muli m'migodi ndi m'mafamu, lero tifuna kukamba nanu za mawu amodzi a Chingerezi amene muwamva tsiku ndi tsiku pakamwa pa kapitao, pa ofesi ya malipiro ndi pokwerera basi. Mawuwo ndiwo akuti "leave". Ali aafupi, a malembo 5 okha, koma asenza katundu wolemera. Pakuti munthu akhoza kupempha nawo tchuthi, akhozanso kutaya nawo ntchito yake, ndipo kusiyana kwake kwangokhala pa kamawu kamodzi koyima patsogolo. Chifukwa chake tiyeni tiwamasule pang'onopang'ono.

Tanthauzo loyamba ndilo kuchoka, kapena kunyamuka. Wogulitsa matikiti akati "The bus leaves at six", ndiye kuti basi inyamuka 6 koloko. Ponena za kale mawuwa asanduka "left"; kotero titi "He left yesterday", anachoka dzulo, ndipo mawu akuti "leaved" musawanene pofuna kuti munthu anachoka. Pano pali msampha umodzi. "I leave Johannesburg" ndiko kuti ndichoka ku Johannesburg, koma "I leave for Johannesburg" ndiko kuti ndinyamuka kunka ku Johannesburg. Kamawu kameneko "for" katembenuza ulendo wonse, ndipo wosakamva akhoza kukadikira mlendo pa siteshoni, mlendoyo ali kupita kwina.

Tanthauzo lachiwiri ndilo kusiya, kapena kuleka. Kapitao akati "Leave the shovel there", afuna kuti musiye fosholo pomwepo. Akati "Leave it", ndiye kuti chilekeni, musachikhudze. Mwini famu akati "Leave the gate open", sanena kuti muchoke pa chipata ayi, koma kuti muchisiye chili chotsegula, ng'ombe zilowe. Momwemonso "Leave me alone" ndiko kuti ndilekeni. "I left my hat behind", ndasiya chipewa changa m'mbuyo. "They left out my name", dzina langa analidumpha polemba. Nanga tidziwa bwanji ngati ndi kuchoka kapena kusiya? Yang'anani mawu otsatapo. Akakhala malo, monga mudzi, nyumba, kapena pogwirira ntchito, nthawi zambiri ndiko kuchoka. Akakhala chinthu chogwirika m'manja, ndiko kusiya.

Kwa inu a pansi pa mgodi nkhaniyi ikhudza moyo weniweni. Wina akafuula kuti "Leave this place!" sikuti muyambe kulongedza zida, koma tulukani msanga, mwina mwala uli kuthetheka pamwamba. Ku South Africa lamulo lotchedwa Mine Health and Safety Act la chaka cha 1996, m'gawo lake la 23, lipatsa wantchito ufulu wa kuchoka pa malo amene aona kuti pali ngozi yaikulu ya moyo kapena ya thanzi lake. Ndipo mawu amene lamulolo ligwiritsa ntchito ndi omwewa akuti "leave".

Tanthauzo lachitatu ndilo kutsala. Kalaliki akawerenga zodula pa malipiro anu, nati "There is nothing left", ali kukuuzani kuti palibe chotsala. "Three days are left" ndiko kuti kwatsala masiku 3. Akatswiri a chinenerochi aphunzitsa kuti ili ndilo tanthauzo lakale koposa onse. Zaka zoposa 1,000 zapitazo mawuwa ankanena za kulola chinthu kuti chitsale, makamaka chuma chimene munthu asiyira ana ake pakufa. Ndi lero lomwe ati "He left his cattle to his children", anasiyira ana ake ng'ombe. Koma "left" wonena za dzanja lamanzere, monga "Turn left", ndi mawu ena ndithu, angofanana malembo.

Tsopano tafika pa mutu weniweni. Alipo "leave" wina amene sali mneni konse, koma dzina, ndipo tanthauzo lake ndilo chilolezo. Awiriwa anachokera ku mizu yosiyana, nakomana m'kalembedwe, monga momwe kwathu "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pa msika alembedwa chimodzimodzi. Pa ntchito dzina limeneli ndilo tchuthi, ndiko kuti chilolezo cha kusabwera masiku akutiakuti, malo anu ali kukudikirani. Taonani tsono mawu awiri awa. "I want leave" ndiko kuti ndifuna tchuthi. "I want to leave" ndiko kuti ndifuna kuchoka, ndipo pamaso pa bwana mawu amenewa amveka ngati munthu ali kuleka ntchito. Munthu amene walandira uthenga wa maliro a kwawo, nathamangira ku ofesi mtima uli m'mwamba, akhoza kulowetsa "to" mosadziwa. Iye ayesa kuti wapempha masiku a kukalira, pamene kalaliki walemba kuti wasiya ntchito mwa kufuna kwake. Kuti muone kuti dzinali ndi chilolezo ndithu, kumbukirani kuti ku Britain mlendo wololedwa kukhala m'dzikomo apatsidwa chimene boma lichitcha "leave to remain", chilolezo cha kukhala.

Makolo athu amene anapita ndi Wenela ku migodi ya golide, ndi amene anayenda pansi kukafuna ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, anaudziwa ukali wa mawu amenewa. Masiku aja kunali malamulo otchedwa Masters and Servants, monga la ku Cape la 1856 ndi la ku Southern Rhodesia la 1901. Ndipo mwa malamulowo wantchito wochoka wopanda chilolezo ankayesedwa wothawa, nalipitsidwa kapena kuponyedwa m'ndende. Ku South Africa malamulo amenewa anafafanizidwa m'chaka cha 1974. Lero munthu samangidwa chifukwa cha kuleka ntchito, koma mawu akuti "absent without leave", kujomba wopanda chilolezo, akali mlandu pa ntchito, ndipo akhoza kuchotsetsa munthu.

Nkwabwino kudziwanso kuti tchuthi si mphatso ya bwana, koma chinthu cholembedwa m'malamulo. Ku South Africa lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 lipatsa wantchito "annual leave", tchuthi cha pa chaka cholipidwa, cha masiku 21 otsatizana. Lipatsanso "sick leave", ya pa matenda. Ndi "family responsibility leave", masiku 3 pa chaka pamene mwana wadwala kapena mbale wapafupi wamwalira, kwa iye amene watha miyezi yoposa 4 kwa bwana mmodzi, nagwira masiku osachepera 4 pa sabata. Ku Malawi lamulo la Employment Act la 2000 lipatsa masiku ogwira ntchito 18 kwa wogwira masiku 6 pa sabata, ndi 15 kwa wogwira masiku 5. Koma wofuna kulekeratu ntchito ali ndi njira yake ina, ndiyo kupereka notisi. Ku South Africa wa pa famu amene watha miyezi yoposa 6 apereka notisi ya masabata 4. Ndipo dziwani ichi, kuti m'dziko limenelo munthu woleka mwa kufuna kwake kawirikawiri salandira ndalama za ulova za UIF, ngakhale ankadulidwa mwezi ndi mwezi. Mwaona tsono mtengo wa kamawu kaja "to".

Vuto lina lili pa lilime ndi khutu. M'chinenero chathu muli malembo a liwu 5 okha, a, e, i, o, u. Chifukwa chake "leave" ndi "live", kukhala, zimveka kwa ife ngati mawu amodzi. Eni ake akoka liwu ponena "leave", nalidula msanga ponena "live". Wa polisi akafunsa kuti "Where do you live?" afuna kudziwa kumene mukhala, akafunsa kuti "When do you leave?" afuna tsiku la kunyamuka kwanu. Khutu likalephera kusiyanitsa, gwirani mawu oyamba a funsolo, pakuti "where" afunsa malo, ndipo "when" afunsa nthawi.

Nanga popempha tchuthi tinene chiyani? Tikulangizani kuti munene mawu onse osadula: "May I take leave for two weeks? I shall come back on Monday." Pakutchula tsiku la kubwerera mwatseka khomo la kukayika konse. Pemphaninso kuti chilolezocho chilembedwe pa pepala, musunge lanu. Akakupatsani pepala loti musayine, funani ngati mulibe mawu akuti "resign", amene ndiwo kuleka ntchito. Mukapanda kulimvetsa, itanani mnzanu wodziwa kuwerenga kapena wa bungwe la antchito musanagwire cholembera. Ndipo bwana akati "You may leave", mwina angonena kuti mutuluke mu ofesi, nkhani yatha, musalongedze katundu musanafunse kuti "Must I come to work tomorrow?" Akakhala kuti wakuchotsani popanda chilungamo, ku South Africa muli ndi masiku 30 okha a kukadandaula ku CCMA.

Ife tili ndi kuchoka, kusiya, kuleka, kutsala ndi kuloledwa, liwu lililonse ndi ntchito yake; Angerezi anaziika zonsezi m'thumba limodzi. Palibe manyazi kwa munthu wamkulu kuimitsa kalaliki ndi kumufunsa kuti, "Pepani bambo, mwati ndipite ndikabwere, kapena mwati ndipitiretu?" Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Amene mwawerenga mawu awa muwawerengerenso anzanu a m'komboni madzulo ano, makamaka iwo amene angofika kumene kuchokera kumudzi.