Liwiro Lopulumutsa Amayi Oyembekezera

Tsidya lija la nyanja ya Chiuta, ku Malawi, kuli liwiro la pamsewu limene cholinga chake nchakuti amayi asamafe pobereka.

Liwiroli, lotchedwa Mother's Fun Run, adaliyambitsa mu 2005 ndi a kampani ya nyuzipepala ya Nation Publications. Limachitika pokumbukira Tsiku la Anakubala, ndipo ndalama zosonkhedwa amagulira zipangizo zothandizira amayi pobereka m'zipatala za boma lomwe lasankhidwa chaka chimenecho.

Pa liwiro lotere bambo, mayi ndi ana amatha kuthamangira limodzi, wotopa amangoyenda. Mwana amakula akudziwa kuti thukuta lake lingapulumutse mayi wa mnzake.

Ku Mecanhelas kuno misewu ilipo, amayi oyembekezera aliponso. Paja mutu umodzi susenza denga.