Afotokozi Ochokera ku Aneni m'Chilatini

Mukudziwa kale kuti m'Chichewa mfotokozi atha kuchokera ku mneni, monga "mwana wolira". Chilatini nachonso chili ndi mawu otere, otchedwa participium. Onani mitundu inayi yochokera ku mneni amare, kutanthauza kukonda:

1. amans: wokonda
2. amatus: wokondedwa
3. amaturus: amene adzakonde
4. amandus: woyenera kukondedwa

Mathero a mawuwa amasintha potsata dzina lomwe akulifotokoza. Puer amatus ndi mnyamata wokondedwa, puella amata ndi mtsikana wokondedwa, pomwe pueri amati ndi anyamata okondedwa.

Chenjerani pomasulira. Mukasokoneza amans ndi amatus, ndiye kuti wochita mwamusandutsa wochitidwa.

Ntchito: Masulirani puella amanda, ndipo fotokozani tanthauzo la dzina loti Amanda.