Khansa ya m'magazi ndi chibale cha m'mafupa

Khansa ya m'magazi ikagwira munthu wachiwiri m'banja limodzi, manong'onong'o sachedwa kumveka pakhomo, ena nati nthendayi njochokera kuchimuna, ena nati kuchikazi, enanso naloza chala nkhalamba yosalakwa kuti ikutha adzukulu ake. Koma madokotala amene akalambira pa ntchito yoyeza magazi apeza kuti mwa odwala ochuluka nthendayi si yakumtundu ayi, pakuti chimene chimalakwika chimayambira m'thupi la wodwala mwini, m'mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwira. Chilema chimene Peter Nowell ndi David Hungerford anachiona mu 1960 ku Philadelphia, m'maselo a odwala khansa yotchedwa CML, nchotere: kholo silipatsira mwana wake.

Ilipo ina imene imalondoladi mtundu. Ku Sweden, kumene boma lakhala likulemba m'kaundula odwala khansa chiyambire 1958, anapeza kuti CLL, khansa ya achikulire, imawagwira kuwirikiza ka 7 kapena ka 8 ana ndi abale a wodwala poyerekeza ndi anthu ena. Komabe, popeza nthendayo njosowa, ochuluka a abalewo amakalamba osaiona.

Pamene chibadwa chimaonetsa mphamvu yake yeniyeni ndi pa kuchira. Mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 300 amabadwa ndi thupi losatha kusungunula mankhwala a khansa ya m'magazi otchedwa mercaptopurine, kotero kuti mlingo wochiritsa mnzake ukhoza kumupha iye ngati dokotala sauchepetsa. Koma chachikulu ndi ichi: mankhwala akalephera, wodwala amafunika kumuika mafuta a m'mafupa a munthu wina, ntchito imene E. Donnall Thomas anailimbikira mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 1990, ndipo thupi sililandira mlendo pokhapokha zizindikiro zake zotchedwa HLA zitafanana ndi za mwini nyumba. Akale anati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo pano mawuwo akwaniritsidwa kwenikweni, pakuti zizindikirozi munthu amazitenga theka kwa mayi, theka kwa bambo, ndipo ana awiri a bere limodzi ndi bambo mmodzi amafanana kotheratu kamodzi mwa kanayi. Mwana wa amayi aang'ono, ngakhale timutcha mbale ndi mtima wonse, kawirikawiri sakwanira pa muyeso umenewu. Ndiponso m'mabanja owerengeka amene chilema chimayendadi m'mtundu, wopereka ayenera kuyezedwa kaye, kuopa kuti angapatse mbale wake mbewu ya nthenda yomweyo.

Odwala 7 mwa 10 alionse sapeza wofanana nawo kotheratu m'banja. Ena tsopano amapulumutsidwa ndi kholo kapena mwana wawo, amene amafanana nawo theka, mwa njira imene inakonzedwa ku Johns Hopkins. Ena amayang'ana ku kaundula wa anthu odzipereka, monga wa Anthony Nolan amene anayamba ku London mu 1974, kapena wa ku Cape Town wa 1991. Apa mpamene mtima umawawa, chifukwa zizindikiro za HLA zimatsata makolo akale a munthu, ndipo ife a ku Africa, amene zizindikiro zathu nzamitundumitundu kuposa za ena onse, ndife ochepa m'makaundulawo.

Mantha ndiwo amabweza ambiri, poganiza kuti adzawaswa fupa, chikhalirecho opereka ochuluka lero amangobayidwa jakisoni masiku angapo, kenaka nakhala pampando maola ochepa, magazi akutuluka pa mkono umodzi, makina akupatula maselo ofunikawo, otsalawo akubwerera pa mkono winawo. Ndipo zimene zachotsedwazo thupi limabwezeretsa lokha m'milungu yochepa. Inu abale amene muli ku Joni, ku Cape Town ndi ku Mangalande, kumene makaundulawa alipo, kulembetsa kumangofuna kathonje kopukutira m'kati mwa tsaya. Pitani mukalembetse.